Siginecha ya Dzanja Lamanzere

Ndinatuluka pakhomo pathu ku Kawale 2 nthawi itangopitirira sikisi koloko m'mawa, Lachiwiri lina la mwezi wa Okutobala, nditavala shati ya kutchalitchi, envulopu ya khaki nditaipana m'khwapa. Ana ndinawasiya akumwa tiyi. Mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu atandiona anafunsa ngati kwagwa zovuta, poti munthu wowotcherera zitsulo ku Biwi savala shati yoyera pakati pa sabata. Ndinawauza kuti ndatumidwa ndi mayi a Chisomo.

"Ali ku UK koma akukutumanibe?" anatero akuseka. "Banja ndiye limenelo, bambo. Yendani bwino."

Mayi a Chisomo ndi mkazi wanga, dzina lake Tiyamike, ndipo ndi namwino. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi m'wodi ya amayi pachipatala china muno mumzinda, kenaka anapita ku UK. Kumeneko mapepala ake a unamwino sanawavomereze msanga, choncho ntchito imene anapeza inali ya m'nyumba yosungiramo okalamba. Zaka zitatu wakhala akugwira ntchito imeneyo uku akuwerenga. Mayeso a Chingerezi anachita kubwereza. Atakhoza onse, chipatala china chinamulonjeza malo m'wodi. Chinatsala chinthu chimodzi: fomu yoti alembe munthu amene ankamuyang'anira pantchito kuno kwathu, kuchitira umboni za kagwiridwe kake ka ntchito. Munthuyo anali Asisitala Naphiri. Iwo anapuma ntchito, nambala yawo sinkagwira, ndipo fomuyo inkafunika ifike Lachisanu lisanathe.

Koma chimene chinkamudetsa nkhawa Tiyamike sichinali nambala yosagwirayo. Tsiku limene anawauza kuti akupita kunja, Asisitala anamuyankha pamaso pa anzake kuti, "Ndakuphunzitsa zaka zonsezi kuti ukakhale wosambitsa agogo a eni ake?" Iye anachoka osakawatsanzika. "Akakana musawakakamize," anandiuza pafoni. "Mungowapatsa moni wanga."

Minibasi ya ku Kawale inanditengera K1,000 kukafika kudepoti. Pampando wa anthu atatu tinakhalapo anayi, ndipo envulopu ndinainyamula pamwamba ngati mwana wopita kukabatizidwa, kuopa kuti ingachite makwinya. Seveni koloko inandipeza ndikukwera ya ku Area 25, ya K2,000. Ndinasankha imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Ndinadzinamiza. Theka la anthu amene anali m'katimo anali oitanira: wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete ngati wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba. Tinanyamuka patatha mphindi makumi anayi.

Tinadutsa pa Area 18, pamene msewu wina umakwera pamwamba pa unzake. Patsogolo pang'ono panali mzere wa magalimoto odikira mafuta, madalaivala ena atagona pansi pa mitengo. Dalaivala wathu anawaimbira huta powanyadira, ngati kuti iye mawa sadzaima pamzere womwewo.

Pa Nsungwi ndinatsika hafu pasiti eyiti. Malangizo a Tiyamike anali akuti nyumbayo ili ndi geti lobiriwira, pafupi ndi chigayo, ndipo pabwalo pali mtengo wa mapeyala. Wa kabaza ya njinga yamoto anati akupadziwa bwino lomwe, K1,000 basi. Anandifikitsa pachigayo, n'kundisiya ndikuyang'ana mageti obiriwira atatu. Loyamba anandilandira agalu. Lachiwiri sanatsegule. Ndisanagogode lachitatu, mayi wina wogulitsa tomato pabenchi anandiitana.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Asisitala Naphiri, amene ankagwira kuchipatala."

"Iii, Asisitala athu! Mwana wanga wachiwiri anandibadwitsa ndi iwo, m'nyumba momwemo, mvula ikugwa. Anandikalipira mpaka mwana anatuluka ndi mantha." Anaseka, kenaka nkhope inasintha. "Simunamve? Anadwala chaka chatha. Nyumbayo anaikamo anthu a lendi, iwo anasamukira ku Chinsapo, kukanyumba kawo kakale. Mukakafika mukafunse kwa aphunzitsi a Chimwaza, amuna awo."

Ndinagula mulu umodzi wa tomato pothokoza, ngakhale ndinalibe poika. Unayenda nane mujumbo tsiku lonse.

Leveni koloko ndinali nditabwerera mutauni. Dzuwa linali litakwiya, ndipo shati yoyera ija inali itayamba kufanana ndi envulopu. Ndinaima pachiwaya china kuseri kwa depoti n'kudya tchipisi cha K2,500 chothira kabichi ndi tsabola wambiri. Foni inalira, uthenga wa Tiyamike: "Mwawapeza?" Ndinayankha kuti ndili pafupi. Za kudwala sindinatchule, poti nanenso sindinkadziwa kuti ndikapeza zotani.

Ya ku Chinsapo inali K1,500, kudzera msewu wa ku Likuni. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire wovala duku. Anayang'ana envulopu, anayang'ana shati, kenaka anandigwira pabondo.

"Musafooke, mwana wanga. Wanga wayenda ndi envulopu yotereyi zaka ziwiri, pano ndi mlonda ku Kanengo. Nanunso Mulungu akutsegulirani."

Ndinati ameni. Kufotokoza kukanatalika, ndipo pempherolo ndinkalifunadi.

Nditatsika ndinafunsa anthu awiri okha. Aphunzitsi opuma ntchito sasowa, pakuti aliyense m'deralo anakwapulidwapo nawo. Wani koloko ili pafupi ndinafika pakanyumba ka njerwa zootcha kokhala ndi mpanda wa kapinga. Pabwalo, bambo wina wamtali, wa imvi mutu wonse, ankayanika nsalu zoyala pabedi. Zinalipo zinayi pachingwe, ndipo m'beseni munatsala zina.

Ndinaodira, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza chimene ndadzera. A Chimwaza anapukuta manja pathalauza n'kunena motsitsa mawu kuti, "Anachita sitiroko. Mbali ya kumanja sigwira. Koma mutu uli bwinobwino, ndipo pakamwa ndikuchenjezeretu, sipanadwale."

M'chipinda munali fungo la sopo. Pabedi pafupi ndi windo panagona mayi wochepa thupi, wosiyana kwambiri ndi chimphona chimene Tiyamike ankandisimbira. Maso okha ndiwo anali aakulu. Ndinagwada pambali pa bedi n'kupereka moni.

"Ndinu amuna ake a Tiyamike," anatero pang'onopang'ono, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. "Munkabwera ndi njinga kudzamutenga. Munkaima pamalo oimika ambulansi."

Ndinavomera mlanduwo. Kenaka ndinatulutsa fomu n'kufotokoza zonse: mayeso, chipatala, Lachisanu. Anamvetsera osaphethira.

"Mwini wake alibe pakamwa?"

Ndinaimbira Tiyamike foni ya vidiyo. Mwamwayi Tiyamike anali pa nthawi yopuma. Anaoneka atavala yunifolomu yabuluu, kumbuyo kwake kuli windo la mitambo yotuwa. Nditatembenuza foni kuti aonane, ndinamva akukoka mpweya.

"Asisitala... mwaswera bwanji?"

"Ndaswera mmene ukundioneramu. Usalire, sindinafe. Umasamala anthu angati?"

"Asanu ndi atatu patsiku, Asisitala. Tikaperewera amakwana khumi ndi awiri."

"Oyenda okha?"

"Awiri. Enawo ndi apabedi."

"Zaka zitatuzi, angati anachita zilonda zogonera m'manja mwako?"

"Palibe, Asisitala. Mmodzi anabwera nacho kuchokera kuchipatala. Chinapola patatha miyezi inayi."

Kunja kunkamveka wogulitsa makala akuitanira. Kenaka Asisitala anati, "Ine ndili nacho. Pathako. Aphunzitsiwa amayesetsa, koma anaphunzira kugwira choko."

Apo mawu a Tiyamike anasintha. Mantha aja anathera pomwepo, ndipo ndinamva mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu. Anafunsa kuti amawatembenuza kangati. A Chimwaza anati m'mawa ndi madzulo, chifukwa msana wawo sulola. Tiyamike anati pafunika maola awiri alionse, ndipo pali njira yosapweteka msana.

"Bambo a Chisomo, imikani foniyo pawindo kuti ndiziona. Vulani wotchi. Sambani m'manja."

Ndinamvera. Anatiuza kupinda nsalu pawiri n'kuilowetsa pansi pa wodwala, kuyambira m'mapewa kufika m'ntchafu. Ine mbali iyi, a Chimwaza mbali inayo.

"Musawakoke mkono wodwalawo. Gwirani nsalu, osati munthu. Pindani mawondo anu, osati msana. Muwauze kaye chimene mukufuna kuchita, si thumba la chimanga limenelo. Asisitala, tikutembenuzirani kumanzere. Tiwerenga mpaka katatu."

Ulendo woyamba ndinakoka mwamphamvu ngati ndikunyamula geti, ndipo Asisitala anabuula. Manyazi anandigwira. Wachiwiri tinachita pamodzi, mofatsa, ndipo thupi lija linatembenuka mosavuta. Tiyamike anatiuza poika mapilo: imodzi kumsana, ina pakati pa mawondo, kansalu kopinda pansi pa akakolo kuti zidendene zisakhudze matiresi. Anafunsa za chilondacho, mtundu wake ndi kukula kwake, a Chimwaza akuyankha, ine nditayang'ana kukhoma. Pomaliza anawauza kuti asadalire foni yokha, apite nawo kuchipatala sabata yomweyo akachione.

A Chimwaza anaweramuka, n'kugwira m'chiuno modabwa. "Chaka chathunthu ndakhala ndikuthyoka msana, nsalu ili pachingwe pomwepa!"

Asisitala anali atatseka maso. Atatsegula anayang'ana foni ija.

"Zimenezi sindinakuphunzitse ine."

"Munandiphunzitsa zoyamba, Asisitala. Zinazi andiphunzitsa agogo akuno."

"Mawu aja ndinakuyankhula ndili ndi miyendo iwiri," anatero Asisitala. Ndinangoona Tiyamike akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kenaka anati nthawi yopuma yatha, pali agogo ena akudikira kudyetsedwa.

Fomu tinalemba cha m'ma thu koloko. Asisitala ankanena, a Chimwaza n'kumalemba ndi zilembo zokongola za aphunzitsi akale, uku akukonza Chingerezi cha akazi awo, iwo n'kumakana kukonzedwa. Pa funso lakuti kodi munthuyu mungamulembenso ntchito, anati, "Chongani eya. Pansipo mulembe kuti satsanzika."

"Malo palibe, mayi," anatero a Chimwaza.

"Ndiye wapulumuka."

Analembetsa nambala ya amuna awo kuti achipatalacho akafuna kutsimikiza aimbe. Kenaka inafika nthawi yosayina. Ndinaika fomu pabuku la nyimbo, a Chimwaza anawagwiritsa cholembera kudzanja lamanzere. Dzina lija linatenga nthawi, likukwera ndi kutsika ngati msewu wa ku Chinsapo womwewo. Atamaliza analiyang'ana mosakhutira.

"Akafunsa, muwauze kuti ndi ine ndithu. Aimbe ndiwakalipire, akhulupirira."

Anandikakamiza kumwa thobwa ndisananyamuke. Tomato uja ndinamusiya pakhomopo. A Chimwaza anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tili m'njira anandifunsa ngati ndingabwerenso Loweruka kuti tidzayeserere kuwakhazika pampando. Ndinati ndibwera ndi ana.

Mutauni ndinafika folo koloko. Pakashopu kena ka makompyuta pafupi ndi msika anandijambulira fomuyo pamakina ndi K1,000 n'kuitumiza. Ndinadikira mpaka Tiyamike atayankha kuti yafika, masamba onse atatu, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakwera ya ku Kawale. Lolemba lotsatira achipatala aja anamuuza tsiku loyambira ntchito m'wodi.

Ndiulule chinthu chimodzi. Zaka zitatu zonsezi, anthu akandifunsa, ndinkangoti mkazi wanga ndi nesi ku UK, n'kusintha nkhani msanga. Za nyumba ya okalamba sindinkazitchula, ngati kuti ndi chilema cha pabanja. Madzulo a tsikulo, nditakhala pakhonde ana akulimbirana kundivula nsapato, ndinamva mikono ikuwawa kuyambira m'mapewa. Ine amene ndimanyamula zitsulo tsiku ndi tsiku, ndinali nditatembenuza mayi mmodzi wochepa thupi, kawiri kokha.

Chisomo anandifunsa kuti ndinapita kuti. Ndinamuuza kuti ndinapita kukaona ntchito imene amayi ake amagwira.

"Ndi yovuta?"

"Bweretsa nsalu ya pabedi," ndinatero. "Itananso mng'ono wako adzagone apa. Ndikuonetse."