Andifufutira madisiki a bambo a Tadala

Andifufutira. Madisiki awiri mwa asanu amene malemu amuna anga anandisiyira, munthu wawafufuta ndi chala chake, ndipo mpaka lero sananene pepani.

Ndikulemba pa gulu lathu la mpingo lino chifukwa ambiri munali nane pa maliro a bambo a Tadala mu Febuluwale. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye kalembedwe mundikhululukire. Koma zimene andichita pa kashopu kena kokonza makompyuta ku Dennistoun, kunja kuno tikukhala, ndizifotokoza mmene zinayendera.

Poyamba mudziwe za madisikiwo, poti ana a masiku ano simuwadziwa. Ndi timapulasitiki ta makona anayi, tokwana m'thumba la malaya. Bambo a Tadala atapita ku Ntcheu komaliza amayi awo ali moyo, anakhala nawo masiku atatu akulemba m'kope: ndani anabereka ndani, anachokera kuti, anaikidwa pati. Atabwerako anazitayipa zonse pa kompyuta yawo, n'kuikamonso zithunzi. Kopelo ndi zithunzi zenizenizo zinavunda chaka chimene madzi anatilowera m'nyumba ku Gorbals. Kompyutayo malo inali nawo ochepa, ndiye anali ndi pulogalamu yopanikiza zinthu, monga timachitira pokhalira sutikesi yopita kumudzi kuti itseke. Anapanikiza zonse n'kuzisamutsira m'madisiki asanu. Mu kompyutamo simunatsale kanthu.

Madisikiwo sanawalembe manambala. Anawalemba maina a ana a amayi awo mmene anabadwira: Wedisoni, Estere, Layisoni, Filimoni, kenako dzina lawo, poti iwo anali omaliza. Ankati nambala munthu ungasokoneze, koma mkulu wako sungamuike kumbuyo kwako. Onse asanuwo pano ali m'manda.

Pa Khirisimasi mwana wathu Tadala anatiuza kuti ndi woyembekezera. Nthawi imeneyo matenda anali atawalowa bambo ake m'mutu, maina ankawathawa. Anati akabadwa mtsikana, atenge dzina la agogo a amayi awo, amene analera amayi awowo. Ndinafunsa kuti dzinalo ndi ndani. Anayang'ana denga nthawi yaitali, kenako anayamba kulira. Atatonthola anati, "Mayi a Tadala, musadandaule. Lili mwa Wedisoni."

Kutsegula kwake anandiphunzitsa kalekale. Kompyuta imeneyo siyogwira ndi kambewa ayi. Ukayatsa pamabwera buluu yekhayekha, ndi mizere ya manambala. Wani ndi kupanikiza. Thuu ndi kumasula. Fili ndi kungoona zimene zili m'disiki. Anandilemberanso pa kakhadi: "Dinani 2. Yambani ndi disiki yanga, kenako Wedisoni, muzitsika nawo. Musadine 1. Kabowo ka pakona musatseke." Kabowo kameneko kali ndi kachitseko kake. Kakakhala kotsegula, disiki imakana kuilembamo china chilichonse.

Nditapeza mphamvu mwezi watha, ndinayatsa kompyuta ija. Inalira monga imachitira, koma sikirini zii. Ndi chokhacho chimene ndinapitira ku shopuko. Pa windo pawo analemba zilembo zikuluzikulu kuti amapulumutsa mafayilo akale a mtundu uliwonse, ndiye ndinati anditsegulirenso ndi madisiki omwe.

Lolemba, 10 koloko m'mawa, ndinafika pa takisi ndi kompyuta, sikirini, madisiki ndi kakhadi kaja. Tadala anali atalemba Chingerezi chake m'munsi mwa mawu a bambo ake. Mwini shopu ndi bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu. Ndinayala madisiki pa tebulo mmene amatsatirana, n'kuyamba kumufotokozera kuti uyu ndi woyamba kubadwa, uyu wachiwiri. Anandidula ndisanafike pa Layisoni. Anati ntchito imeneyi anaiyamba ine ndisanaone kompyuta ndi maso, ndibwere Lachisanu. Kakhadi anakalandira osakawerenga, n'kusanjikapo kapu yake ya tiyi. Ndinaona. Ndinafuna kulankhula, koma ndinati munthu wodziwa ntchito yake usamuphunzitse. Pamenepo ndi pamene ndikudziimba nawo mlandu.

Lachisanu, hafu pasiti leveni: sanayambe.

Lachitatu lotsatira, 2 koloko: chitseko chokhoma, kapepala koti abwera pakapita mphindi khumi. Ndinaima pa mvula mphindi makumi asanu. Mphindi khumi za ku Dennistoun zimatalika chonchi? Ndinakwera basi kubwerera.

Loweruka, kota thu thwelofu, ndinamupeza. Anati sikirini yakonzeka, chinali chingwe chabe. Kenako anandipatsa jumbo ya madisiki. Abale anga, ndinasuzumira m'jumbomo. Maina onse anamatula. M'malo mwake anamatapo timapepala take: A, B, C, D, E. Ndinafunsa kuti maina ali kuti. Anati mapepalawo anali atayamba kukakatuka, akanakola m'makina, ndiye anawataya. Dzanja la amuna anga, anataya. Ndinafunsa za mafayilo. Anati madisikiwo ndi okalamba, anafa okha kalekale, palibe chimene munthu angachite.

Ndili m'takisi ndinawatulutsa limodzilimodzi n'kuwayang'ana pa windo. Atatu kuwala kumadutsa pa kabowo kaja. Awiri ayi. Mabowo otseka. Madisiki amenewa ndakhala ndikuwapukuta fumbi zaka zonsezi, ndipo palibe tsiku ndinaonapo bowo lotseka.

Lamulungu titaweruka ndinawauza a Mbewe, akulu a mpingo athu aja, amene anagwirapo ntchito ya makompyuta asanapume. Mawa lake anabwera kunyumba kuchokera ku Pollokshields. Anayatsa, buluu uja anabwera. Analowetsa disiki imodzi yotseka bowo n'kudina 3. Anawerenga. Anatulutsa, analowetsa inzake. Kenako anavula magalasi.

Ndinati, "Abambo, nenani. Ndinaika kale mwamuna m'manda, palibe chimene chingandigwetse."

Anati, "Mayi, madisikiwa sanafe okha. Munthuyu anadina 1."

Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Atadina 1, pulogalamu inakana, chifukwa bowo linali lotsegula. Iye m'malo moima n'kudzifunsa kuti ikukaniranji, anatseka bowo. Pulogalamu inamufunsanso, m'Chingerezi chake chomwe, ngati ifufute zonse zili m'disikimo. Anavomera. Inafufuta n'kuyamba kuthiramo zinyalala za mu kompyuta. Disiki itadzaza inapempha ina. Anatenga ina, anatsekanso bowo, analowetsa.

Ndinafunsa kuti panopa muli chiyani. A Mbewe anati muli masewera a makadi ndi timafayilo toyendetsera pulinta.

Masewera a makadi.

Atatu otsalawo anawazindikira, chifukwa pulogalamu imaika kachizindikiro kake m'kati: wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu. Ndiye kuti anapita ndi Wedisoni ndi Layisoni. A Mbewe anawatenga kunyumba kwawo, analimbana nawo masiku anayi. Zolemba zonse zinali koyambirira, mwa Wedisoni. Palibe ngakhale mzere umodzi. Zithunzi zinatulukapo zingapo za ubatizo wa Tadala, zimene tili nazo kale m'alubamu. Ndiye chinatuluka china chimodzi, cha apongozi anga. Chikuoneka duku lawo, chipumi, ndi nsidze. Kuyambira pamene payenera kukhala maso mpaka pansi ndi phulusa lokhalokha. Anandisindikizira chomwecho. Tadala atachiona anati, "Mum, ameneyu ndi ndani?" Agogo ake enieni.

Lachisanu ndinabwerera ku shopu, 9 koloko, akungotsegula. Sindinakuwe. Ndinaika madisiki awiriwo pa tebulo n'kumufunsa kuti mabowowa anatseka ndani. Anati sakukumbukira. Ndinamuuza zimene a Mbewe anapeza. Nkhope inafiira. Anati pulogalamu imeneyo ndi yachikalekale, palibe amaigwiritsanso ntchito, ndipo aliyense akanasokonezeka nayo. Aliyense? Ine wa Sitandade 6, wokolopa m'nyumba za okalamba, ndimadziwa kuti thuu ndi kumasula. Iye amene anayamba ine ndisanaone kompyuta ndi maso sadziwa kusiyanitsa wani ndi thuu?

Anati munthu wanzeru amasunga zinthu zofunika malo awiri. Ndinati mwini wake ali kumanda, mukamuuze nokha. Analoza timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa risiti, toti chilichonse chikasowa si mlandu wawo. Kenako anatsegula dirowa kuti andibwezere mapaundi 45 anga. Ndinati ndalamayo ili ndi dzina la agogo?

Ndinapempha kakhadi kanga. Anafunafuna, anakapeza pansi pa mabokosi, kali ndi banga lozungulira la tiyi pakati penipeni pa mawu oti "Musadine 1." Ndinafunsa ngati timapepala ta maina tingapezeke m'bini. Anati galimoto ya zinyalala imadutsa Lachinayi lililonse. Foni yake inalira, anayankha, n'kunditembenuzira msana. Ndinaimabe mphindi zisanu. Kenako ndinatuluka.

Lachiwiri la sabata yatha Tadala anachira. Mtsikana. Wonenepa bwino, tsitsi lambiri, makutu a agogo ake aamuna.

Ndaimba kumudzi kasanu. Wotsala wamkulu ndi mkazi wa malemu alamu anga a Filimoni. Anati, "Mulamu, ife tinkangoti a Nabanda. Mwana akanayamba bwanji kutchula munthu wamkulu dzina lake lenileni?" Ndi zoona. Ngakhale apongozi anga analinena kamodzi kokha, kwa mwana wawo, chifukwa anawakakamiza ali ndi cholembera m'manja. Ndinatuma mnyamata wina wa m'mudzimo kumanda. Palibe chiliza, ndi mtumbira chabe, ndipo sakudziwa kuti ndi uti.

Ndiye ndikufunsa, poti mwina ena mwa inu mumadziwa malamulo a kuno. Munthu amene walemba pa windo kuti amapulumutsa mafayilo akale, koma sadziwa kuwatsegula, amakamunenera kuti? Makina akamukaniza kawiri konse iye n'kukakamiza, timalemba ta kuseri kwa risiti timamuteteza ndithu? Ndipo ndikakamunenera, andipatsa chiyani? Kalata yopepesa? Ndikamutche mwanayu kalata?

Inu amene muli ndi madisiki, matepi, kapena makompyuta akale a makolo anu m'makabati, musawasiye m'manja mwa munthu n'kuchokapo. Khalani pomwepo muzimuona chala. Akakunyozani kuti simudziwa kanthu, nyamulani katundu wanu. Ine ndinachita ulemu.

Lamulo la kuno limati mwana akalembetsedwe pasanathe masiku makumi awiri ndi limodzi. Atsala khumi ndi awiri. Ngati alipo pa gulu lino wa ku Ntcheu amene agogo ake anamvapo dzina la Nabanda wina amene analera mdzukulu wake wamkazi yekha, andiimbire. Ndikudziwa kuti a Nabanda ku Ntcheu ndi osawerengeka. Ndangoti ndifunse.

Dzulo Tadala anandipatsa mwana kuti ndimunyamule, n'kundiuza m'Chingerezi chake chija kuti ndingosankha ine, bambo ake sangakwiye. Ndinavomera. Ndisankha ndithu, dzina labwino, ndipo tikalembetsa nthawi isanathe. Akadzakula n'kufunsa kuti dzina lake ndi la ndani, ndidzamuuza kuti si la munthu aliyense.