Mapepala Amene Amalume Anakana Kusaina

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, ndiwo anandipezera ntchito. Zinali zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa, ndipo kwathu ku Matero abambo ambiri anali atayamba kukhala pakhonde dzuwa lili paliwombo. Kampani yathu inali yaing'ono, yolemba mapulogalamu a kompyuta osungira mayina a odwala m'makiliniki. Nayonso inali itangopeza eni ake atsopano, moti aliyense ankagwira ntchito khutu lili kuchitseko cha abwana.

Mapulogalamu athu ankadalira laibulale. Umenewu ndi mtolo wa tizigawo tolembedwa kale ndi anthu akunja, ndipo pulogalamu yathu inkaitana kachigawo kalikonse ndi dzina lake. Koma eni laibulaleyo anali osakhazikika. Akatumiza madisiki atsopano, umapeza kena kasintha dzina, kena kachotsedwa, kena kakufuna zinthu zitatu pamene kale kankafuna ziwiri. Ukaphonya chimodzi chokha, pulogalamu inkaima kukiliniki anthu ali pamzere.

Ntchito ya amalume inali kupeza zosinthazo. Ankasindikiza mndandanda wakale ndi watsopano pa mapepala aja a mabowo m'mbali, n'kuwayala patebulo, lula uku lula uku, kutsika mzere ndi mzere ndi pensulo yofiira. Tsamba likatha ankasaina pansi pake. Zinkawatengera milungu iwiri. Ine ndinkawaseka kuti akuwerenga ngati akukonza ulaliki, pakuti analinso mkulu wa mpingo, ndipo ankangondiloza ndi pensuloyo osadzutsa mutu.

Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Sananene kwa munthu. Ndinazindikira ndekha poona mphuno yawo ikutsala pang'ono kukhudza pepala. Ataphonya chosintha china, abwana anawakalipira ife tonse tikumva, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Ana awo anali akadali pasukulu, ndipo munthu wa msinkhu wawo akachotsedwa masiku amenewo sankalembedwanso kwina.

Ine ndine waphuma chibadwire. Madisiki atsopano atafika, ndinatsalira Loweruka masana n'kulemba kapulogalamu kanga. Kankatenga mindandanda iwiri ija, kuiyerekeza, n'kutulutsa zosintha zokhazokha. Panatuluka masamba anayi. Lolemba pa nthawi yopuma ndinawapatsa mobisa, ndikudziona ngati mpulumutsi.

“Amalume, sungani aya. Pakapita masiku musaine, mupeleke. Kulibe azaziba.”

Anawayandikitsa kumaso, n'kuwerenga nthawi yaitali.

“Ni nchito yabwino iyi,” anatero. “Koma nizasaina bwanji vamene sininabelenge neka?”

“Ni vamene mwenze kusakila, amalume. Vonse vilimo.”

“Sinikana. Koma zina yanga pansi pa pepala ikamba kuti maso yanga yapitamo.”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti maso amenewo ndi omwe akuwataya, ndipo kuti ana awo sadzadya siginecha. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero, chifukwa ndinawanena kwa munthu amene anandiphunzitsa kuyatsa kompyuta.

Mawa lake anatenga masamba anayiwo n'kulowa nawo kwa abwana, osasaina. Ntchito ya milungu iwiri inali yatha tsiku lachiwiri. Abwana anafunsa chifukwa chake panalibe siginecha, ndipo posakhalitsa ndinaitanidwa. Ndinapeza amalume akumwetulira, kumwetulira kwenikweni kwa munthu wonyada.

“Uyu mwana wa mlongo wanga ndiye anapanga,” anatero. “Ali na nzelu maningi.”

Abwana anatembenukira kwa ine. “Kamatenga nthawi bwanji kuti kasilize?”

Ndinayang'ana pansi.

“Kamba, mayi,” anatero amalume kwa ine. “Bakufunsa.”

“Mphindi zibili.”

Abwana anangondiuza kuti ndisiye disiki ya kapulogalamuko patebulo pawo. Mwezi utatha amalume analandira kalata yowachotsa ntchito, ndipo tebulo lawo anandipatsa ine.

Ndinatha milungu itatu osaponda kwawo, ngakhale nyumba zathu zinali zoyandikana. Ndinkatsika minibasi siteji yathu isanakwane n'kuzungulira kuseri kwa msika kuti ndisadutse pageti pawo. Mayi atatopa nazo anandiuza kuti manyazi anga sakuthandiza aliyense, ndipo Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita.

Akazi awo anali atayamba kugulitsa makala pageti. Anandipatsa moni wa mlendo, osandiyang'ana. Amalume anali pakhonde, atavalabe jekete la kutchalitchi. Ndinakhala pansi pambali pawo ndikuyembekeza kukalipiridwa. Kunena zoona ndinkalakalaka atandikalipira. Iwo anafunsa za mayi, za kuntchito, za pulinta imene inkakonda kudya mapepala. Kenako anatsitsa mawu.

“Kaja ka pulogalamu kako. Ngati zina sibanasinthe, vofunika vikali vitatu, koma basinthanisa chabe choyamba na chachibili, kamagwila?”

Zosintha za mtundu umenewo zinkapusitsa aliyense muofesi, ndipo kwa zaka zonse iwo okha ndiwo ankazigwira. Ndinaona pankhope pawo chimene ankafuna kumva: kuti patsala kanthu kamodzi kamene kompyuta singachite popanda iwo. Ndikanatha kunama, ndipo sakanadziwa. Koma ndinali nditawapempha kale bodza limodzi, ndipo pakamwa panga panakana lachiwiri.

“Kamagwila, amalume.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali kumsewu.

“Ndiye sibanalakwe kunichosa,” anatero.

Ndinakhala nawo mpaka akazi awo anayamba kulowetsa matumba a makala.