Mdatchi ndi Ngodya ya Kumunsi

Bwalo lathu la mpira pa esiteti ndi lopendekeka. Kuno ku Thyolo malo osalala anatha ndi fakitale ndi nyumba za mabwana, ndiye ife anatipatsa kachidutswa kotsala pakati pa munda wa tiyi ndi mabulugamu. Mpira ukauika pansi umayamba wokha ulendo wotsikira kungalande. Ndinasewera pamenepo zaka zambiri, kumbuyo mbali ya kumanzere, mu timu ya amayi otchola tiyi. Tinkakonzekera Lachitatu ndi Lachisanu tikaweruka, msana ukuwawabe ndi dengu.

Mdatchi ndinamudziwira pa foni ya alamu anga amene amagulitsa tomato ku Bvumbwe. Tsiku lina anandikodola: "Alamu, tabwerani muone mnzanu. Akusewera malo anu omwewo, kungoti uyuyu ndiye akuzidziwa." Ndinafuna kuwayankha zowawa, koma nditayang'ana ndinawalanda foniyo kuti ndionetsetse. Anali mkazi wamtali, wovala jezi ya olenji ya dziko la Holandi, kwawo kwa Adatchi. Sankathamanga mwaphuma ayi. Ankangofika pamalo mpira usanafike, ngati wina wamunong'oneza.

Kuyambira pamenepo ndinamutsatira ngati m'bale wanga. Anayamba ali kamwana, kusewera ndi anyamata a kwawo poti timu ya atsikana kunalibe. Kalabu yaikulu ya m'dziko mwawo itamutenga, inamuchotsa kutsogolo komwe ankagoletsa n'kumuika kumbuyo, iye osanyinyirika. Kenako anapita ku Mangalande, komwe bondo linamugoneka pafupifupi chaka, anthu n'kumati watha. Anabwerera, ndipo anabwerera wolimba kuposa kale. Timu ya dziko lake itatenga chikho cha ku Ulaya pakwawo pomwe, ndinavina pamsika anthu akundiona. Itagonja m'ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse, ndinamuona akupukuta misozi yake msangamsanga kuti akadzutse goloboyi amene anali atagona chafufumimba pa kapinga. Ndinkamukonda mkazi ameneyu, ndisaname.

Anzanga anayamba kunditcha Mdatchi, mwina moseka, koma ine dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinayeseranso kapatsidwe kake kokwawitsa mpira pansi. Mpira unadutsa mnzanga n'kukagwera m'ngalande, ndipo aphunzitsi athu, amene analinso akapitawo kumunda, anakuwa: "Mayi, kuno si ku Holandi! Kwawoko n'kosalala ngati lichero, kulibe ndi chulu chomwe!"

Chaka china kunabwera mtsikana wochokera kwa Changata kudzayamba ntchito yotchola. Anali wamanyazi, wolankhula motsitsa mawu, koma akayamba kuthamanga fumbi lokhalokha. Patangotha milungu itatu aphunzitsi anandiitanira pambali. "Mayi, mwagwira ntchito, palibe angatsutse. Koma Lamulungu pamalo panu ayambepo mwanayu." Ndinati chabwino, ndikumwetulira. Kunyumba sindinadye.

Panali chinthu chimodzi chimene mtsikanayo sankadziwa. Pa ngodya ya kumunsi, mbali yanga, pali muzu wa bulugamu wobisala pansi pa udzu. Mpira wautali ukagwa pamenepo sumapitirira, umanjanja n'kukhotera mkati, cha kugolo. Wotchinga akauthamangira kunja amagwira mphepo. Pamafunika kuima phazi limodzi mkati n'kuudikira, umabwera wokha. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi a zaka zingapo. Pokonzekera tinkangosewera theka la kumtunda poti kumunsi kumachita matope, ndiye mtsikanayo analibe podziwira. Ndinadziuza kuti safunsa anadya phula, iye sanandifunse.

Lamulungu limenelo muzu unagwira ntchito yake. Mpira unakhota, mtsikana anapitirira, adani anagoletsa, tinagonja. Ndili pa benchi ndinasangalala. Ndikunena poyera: timu yanga ikugonja, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Aphunzitsi anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Akachitanso zimenezi sabata ya mawa, mubwerera pamalo panu." Ntchito yanga inali yongokhala chete sabata imodzi.

Loweruka masana ndinapita ku Bvumbwe, ndipo alamu anandikokera m'kanyumba koonetsera mpira. Timu ya Holandi inkasewera. Ndinamufunafuna Mdatchi wanga m'bwalo, osamupeza. "Akalamba anzanu aja," alamu anaseka. "Si awo ali pa benchi, afunda chijasi ngati alonda?" Malo ake anali atapatsa kamtsikana kena kowonda, ndipo chigawo choyamba chisanathe kamtsikanako kanalakwitsa, chigoli n'kulowa. Ndinati eya, tiyeni tione nkhope ya mnzangayu, poti ndinkadziwa chimene chimachitika mumtima mwa munthu wa pa benchi.

Wenzulo ya kupuma italira, Mdatchi anataya chijasi n'kuthamangira m'bwalo. Osewera ena ankalowera kuchipinda, iye anamugwira mtsikana uja dzanja n'kumubweza pamalo penipeni pomwe analakwitsira. Anamuimika, n'kumutembenuza mapewa, n'kumulozera uku ndi uko. Anabwereza kawiri. Kenako anamugwira masaya ndi manja onse awiri n'kumuuza kanthu kamene kanamuseketsa. Chigawo chachiwiri mtsikanayo anasewera ngati munthu wina, ndipo Mdatchi sanalowe ngakhale mphindi imodzi. Mpira utatha iye ndiye ankadumpha kuposa onse. Munthu wa zikho, wodziwika Ulaya yense, akuphunzitsa womulanda malo mmene angamulandire bwino! Ndinatuluka osatsanzika alamu, nkhope ikuyaka ndi manyazi.

Musaganize kuti ndinasintha pompo. M'mawa mwake kutchalitchi ndinkakanganabe ndi mtima wanga. Mdatchi ali ndi pogwira, ndinkatero, ine ndikachoka m'bwalo chonditsalira ndi dengu basi. Masana tinalandira timu ya ku Limbe. Chigawo choyamba tinatchinga golo la kumtunda, zinthu zinayenda bwino, palibe anagoletsa. Chachiwiri tinkayenera kutchinga kumunsi. Nthawi yopuma aphunzitsi anandiuza kuti ndimange nsapato ndikhale tcheru.

Nsapato ndinamangadi. Kenako ndinangoona miyendo yanga ikupita kwa mtsikana uja. "Iwe, tiye kuno." Ndinamutengera pa ngodya paja n'kumupondetsa muzu ndi phazi lake lomwe. Ndinamulankhula m'Chilomwe kuti a ku Limbe amene ankamwa madzi chapafupi asamve. Ndinamuonetsa poima, n'kumuuza kuti asauthamangire, audikire. Anangogwedeza mutu, maso ali pansi.

Mpira unagwa pa muzu katatu chigawo chimenecho. Katatu konse unamupeza mtsikanayo ataima phazi limodzi mkati, akuudikira ngati mlendo amene anatumiza uthenga. Kachitatu anautenga n'kukwera nawo mtunda wonse, n'kupatsa mnzathu amene anagoletsa. Aphunzitsi anaponya chipewa m'mwamba, ndipo sanacheukenso kumene ndinakhala. Malo aja sindinawapezenso mpaka lero.

Anthu atabalalika ndinkamasula nsapato zanga zoyera, zosaponda matope, mtsikanayo n'kudzakhala pambali panga.

"Achemwali," anatero, "muzu uja munkaudziwa kale?"

"Kalekale."

"Nanga sabata yatha bwanji simunandiuze?"

Bodza linali pafupi, ndikanangoti ndinaiwala. "Ndinkafuna ulakwitse," ndinatero.

Anazula udzu. "Nanga lero?"

"Lero ndimafunabe, mwanawe. Koma ndakuuza."