Kapepala kanga kakadali pa kompyuta ija

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza mlongo wanga Tadala kukaona koleji ija ndinasiyira panjira, poti abambo atsimikiza zobwereketsa dimba lathu la mbatatesi kuti iye akaphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Titalowa m'kalasi, ndinaona kapepala kolembedwa kuti "Yawonongeka" pa kompyuta imodzi yokhayo ya m'kalasimo, ya pakona ija. Ndinakamata ndine, ndisanasiye sukulu. Kakadali pomwepo, mpaka kayuluka! Ophunzira akulembabe mapulogalamu m'makope, aphunzitsi n'kumachonga ndi cholembera chofiira.

Nditafunsa kuti akonza liti, aphunzitsiwo akuti, "Achimwene, kompyuta yeniyeni ndi mutu wanuwo." Tadala n'kumavomera ngati wamva zanzeru.

Sindinama, mnzanga mmodzi anamaliza ndipo ali pantchito yabwino ku Lilongwe. Koma iyeyo anali ndi laputopu yakeyake. Enafe tinkangokopera za pabolodi.

Tadala ndi wanzeru kuposa ine, sindikukana. Koma dimba limenelo ndi lomwe limatidyetsa.

Amalume, dimbalo ndi la kwawo kwa amayi, ndiye lankhulanipo. Pagulu pano alipo amene angamugulire Tadala laputopu? Ngati palibe, dimba lisapite. Kapepala kamodzi kakwana, Tadala asakamatenso kena.