Liwu Limodzi Linawamana Manda Amayi Esinati

Ndinalakwira munthu wakufa, inu owerenga, ndipo cholakwa changa chinagona pa liwu limodzi la Chingerezi. Ndine munthu wosunga mapepala. M'tiranki yanga ku Kabwata muli chiphaso cha ubatizo cha bambo, makadi a kuchipatala, ngakhale kabuku ka wailesi imene inafa kalekale. Ndinagwira ukalaliki mpaka kupuma, ndipo pabanja pathu panalibe wonditsutsa pa Chingerezi.

Amayi ondibereka anamwalira ndili wakhanda. Anandilera ndi Amayi Esinati, amene bambo anawakwatira pambuyo pake. Bambo anamwalira ine ndili kusukulu yogonera komweko, ndipo ndinamva mphekesera zoti ukwati wawo unali utatha kale. Sindinafunse aliyense. Ndinangosunga mumtima.

Amayi Esinati anakalambira ku Chelstone, kwa mlongo wanga Tisa, mwana wawo wobereka. Pempho lawo linali limodzi: akagone pambali pa bambo, pamalo amene banja linasunga. Atamwalira ndinatsegula tiranki kufuna mapepala a mandawo, ndipo ndinapeza kalata ya nthawi ya atsamunda, yochokera ku ofesi ya nyumba za m'komboni. Pambuyo pa dzina la Amayi Esinati panalembedwa kuti "relict of", kenaka dzina la bambo.

Liwulo ndinali ndisanalionepo. Linandimvekera ngati "reject", chinthu chokanidwa. Ndinapsa mtima, ndinapita nayo kalatayo kunyumba ya maliro, n'kuuza akuluakulu kuti mkazi wosudzulidwa sangagone ndi bambo anga. Tisa anandifunsa misozi ili m'maso: "Ba Kalaliki, mwaona mu dikishonale?" Ndinamuyankha kuti, "Ine Chizungu nachiziba iwe ukalibe kubadwa." Akuluakulu anamvera ine. Amayi Esinati tinakawaika kumanda atsopano, kutali, pakati pa anthu osawadziwa.

Chaka chatha ndinapita kuukwati m'tchalitchi china chakale cha ku Woodlands. Pakhoma panali chitsulo chokumbukira mayi wina wachizungu, ndipo liwu lija linali pomwepo. Ndinadzifunsa kuti, kodi munthu angalembe chipongwe m'nyumba ya Mulungu? Ukwatiwo sindinaumve. Nditafika kunyumba ndinatsegula dikishonale, imene zaka zonsezi inali pamwamba pa tiranki yomweyo.

"Relict" ndi mkazi wamasiye. Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza wosiyidwa, koma womusiyayo ndi amene watsogola kumanda. Angerezi akale ankalilemba pamiyala ya manda ndi m'mapepala a kukhoti, makalaliki awo anabwera nalo kuno, ndipo lero linazilala. Kalatayo inkawalola Amayi Esinati kukhalabe m'nyumba ya bambo monga mkazi wawo. Ndiyo nyumba imene ndinkafikira patchuthi, n'kupeza andichapira zofunda.

Sindinalire. Mpaka lero sindikumva kanthu. Ndinanyamula kalata ndi dikishonale kupita ku Chelstone. Tisa anawerenga zonse ziwiri mofatsa, n'kundibwezera. Anangoti, "Sungani. Ndimwe mumasunga."

Inu owerenga, kusunga pepala si kulimva ayi. Mukakumana ndi liwu lachilendo, musalipatse tanthauzo la liwu lina chifukwa chofanana kamvekedwe, makamaka ngati mtima wanu unaweruza kale. Funsani, ngakhale wokufunsitsaniyo akhale wamng'ono kwa inu.

Malo a pambali pa bambo akadali opanda munthu. Abale akuti tsopano ndi anga. Ndalemba pepala lokana malowo, ndaliika pamwamba m'tiranki, m'Chinyanja chomveka.