Ndale za pachitunda

Ine ndi anzanga ena, atelala Achiyao a pa Namadzi, tinkakangana awirife za boma pamalo amodzi okha: pachitunda cha njira yopita ku Nchema, tikukankha njinga. Masiku amenewo ndale sizinkakambidwa pakhonde. Pachitundapo munthu ankaonekera patali, ndipo tikamuona tinkayamba za mvula.

Ine ndinkaikira boma kumbuyo. Ndinkatchula mtendere, msewu wa tala, sukulu ya ana athu. Iwo ankangoseka.

"Achimwene, inu mumakhuta za pa wailesi," ankatero. "M'mawa uliwonse akuti dziko lakolola zochuluka. Nkhokwe yanu inamva zimenezo?"

Chaka chimene boma linachepetsa thandizo la feteleza, mtengo n'kukwera, ndinabwerera ndi thumba limodzi lokha pakaliyala. Atelala analisisita ngati mwana wodwala.

"Lero njinga yapepuka. Thokozani boma lanu!"

Zinandipsetsa mtima. Ndinawauza kuti boma lili ndi zifukwa zake, ndiponso kuti munthu wopalasa makina osokera asandiphunzitse ulimi. Tinafika pamwamba tili wefuwefu, n'kugawana nzimbe monga mwa masiku onse.

Zipani zambiri zitaloledwa, tinayesa kukangana pakhonde la sitolo, mokweza, anthu akumva. Sizinakome. Aliyense ankalowererapo, ndipo atelala nawonso anayamba kuyankhula ngati wailesi. Ndinanyamuka n'kugwira njinga yanga.

"Tiyeni kuchitunda," ndinatero. "Kuno mukufuna anthu akuombereni m'manja. Kuja mumayankhula ndi ine."

Anatseka makina awo n'kunditsatira.