Nkhope ya abambo aipukuta

Mwaswera bwanji nonse.

Ine zandinyansa. Chithunzi cha malemu abambo chimene ndavutika nacho mwezi wonse, chojambula ndi makrayoni a mafuta, chaonongeka. Mawa ndimati ndikaonetse anzanga a gulu lojambula ku Mayani.

Ndinachisiya patebulo popita kudimba. Pobwera ndapeza alamu, akazi a achimwene a Petulo, atachipukuta ndi kansanza konyowa. Akuti, "Chimadetsa zala, ndimayesa fumbi." Chikhalirecho ndinawauza kuti utoto umenewu suuma, asakhudze.

Chipewa chilipo, jekete lilipo, koma nkhope yasanduka matope. Paja abambo sanajambulitsepo, nkhopeyo ndinachita kuikumbukira.

Achimwene akuti ndisalunde, ndi pepala chabe. Ndiuzeni abale, abambo athu aja ndi pepala chabe?